Mmene mungakonzere tchuthi ku Andalucía, dera la nyanja ndi mapiri kummwera kwa Spain

Kummwera kwenikweni kwa dziko la Spain kuli chigawo chotchedwa Andalucía, chomwe chimatchuka chifukwa cha dzuwa ndi magombe ake. Chimene chimachisiyanitsa ndi madera ena amene anthu amakachitirako tchuthi n'chakuti nyanja yamchere ndi mapiri ataliatali zinayandikana kwambiri, moti munthu akhoza kudya kadzutsa akuyang'ana mafunde, n'kukadya nkhomaliro atavala juzi m'mudzi wina wa m'mwamba mwa phiri. Kuyandikana kumeneku ndiko kumakopa alendo, koma ndikonso kumawapusitsa, chifukwa ambiri amakonza ulendo ngati akupita kumalo amodzi pomwe kwenikweni akupita kumalo awiri osiyana nyengo, osiyana misewu, ofunanso zovala zosiyana. Ngati mukufuna kubwerako mutapumadi, ulendo wanu muukonze potengera zinthu ziwiri, zomwe ndi kutentha kwa mwezi umene mukupita ndi kukwera kwa malo amene mukagone, ndipo zina zonse zibwere pambuyo pake.

Musanagule tikiti iliyonse, tengani mapu muone mmene deralo linakhalira. Andalucía ali ndi maboma 8, omwe ndi Almería, Cádiz, Córdoba, Granada, Huelva, Jaén, Málaga ndi Sevilla, ndipo likulu lake ndi mzinda wa Sevilla. Kum'mawa kwa mpata wa Gibraltar, pomwe Ulaya ndi Africa zatalikirana makilomita 14 okha, gombe limayang'ana nyanja ya Mediterranean. Mbali yake yodziwika kwambiri ndi Costa del Sol, dzina lotanthauza gombe la dzuwa, m'boma la Málaga, ndipo mukamapita kum'mawa mumafika ku Costa Tropical m'boma la Granada, kenako kumagombe ouma a Almería monga Cabo de Gata. Kumadzulo kwa mpatawo, ku Cádiz ndi ku Huelva, gombe limayang'ana nyanja ya Atlantic ndipo limatchedwa Costa de la Luz. Kuseri kwa gombe la Mediterranean kunandanda mapiri, ndipo aakulu pa onse ndi a Sierra Nevada, komwe kuli nsonga ya Mulhacén ya mamita 3,479, yomwe ku Spain konse imangopambanidwa ndi phiri la Teide la pachilumba cha Tenerife. Mukadutsa mapiriwo mumatsikira m'chigwa chachikulu cha mtsinje wa Guadalquivir, momwe muli mizinda ya Córdoba ndi Sevilla.

Nkhani ya mwezi wopitira ndiyofunika kuikhalira pansi, chifukwa ndi imene imalamula zonse. Ku Spain nyengo yotentha imayamba mu Juni mpaka Seputembala, pomwe yozizira ndi kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Mu Julayi ndi Ogasiti, m'chigwa cha Guadalquivir kutentha kumapitirira madigiri 40 kawirikawiri, ndipo pa 14 Ogasiti 2021 ku La Rambla, m'boma la Córdoba, kunatentha mpaka madigiri 47.6, komwe ndi kutentha kwakukulu kumene kunalembedwapo m'dzikolo. Kugombe kumakhala bwinoko chifukwa cha kamphepo kochokera panyanja, koma miyezi yomweyi ndi imene anthu a ku Spain ndi a m'mayiko ena a ku Ulaya amakhala ali pa tchuthi, choncho magombe amadzaza, misewu imathina, ndipo malo ogona amakwera mtengo. Ine ndimalangiza Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni, kapena kumapeto kwa Seputembala ndi Okutobala, ngakhale nthawi ziwirizi sizifanana. Mu Meyi mapiri amakhala obiriwira, maluwa ali mbwee, nsonga za Sierra Nevada zidakali ndi chipale chofewa, koma madzi a m'nyanja amakhala asanafunde. Kumapeto kwa Seputembala nyanja imakhala yofunda chifukwa yakhala ikuwombedwa ndi dzuwa miyezi itatu, koma kumtunda kumakhala kowuma, ndipo kuyambira nthawi imeneyi mvula yamkuntho ikhoza kugwa mwadzidzidzi. Choncho wokonda kuyenda m'mapiri asankhe Meyi, wokonda kusambira asankhe Seputembala. Amene akufuna kuona chipale chofewa apite pakati pa Disembala ndi Epulo, pamene malo a masewera otsetsereka a ku Pradollano, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Granada, amakhala otsegula.

Onaninso ngati masiku anu sakugundana ndi zikondwerero zikuluzikulu. Sabata ya Pasaka, yomwe eni dziko amaitcha Semana Santa, imadzaza misewu ya Sevilla ndi Málaga ndi miyandamiyanda ya anthu otsatira zifaniziro za m'matchalitchi, ndipo patangopita masabata ochepa ku Sevilla kumachitika chikondwerero cha Feria de Abril. Mu Meyi anthu a ku Córdoba amatsegula mabwalo a m'kati mwa nyumba zawo kuti alendo aone maluwa, pomwe Málaga amachita chikondwerero chake mu Ogasiti. Zonsezi n'zoyenera kuziona, koma chipinda chogona pamasiku amenewa chimafuna kusungitsa kudakali miyezi ingapo.

Za zikalata ndinena mwachidule. Spain ali m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, ndipo nzika za mayiko ambiri a kunja kwa Ulaya zimafunika viza yomwe imalola mlendo kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse. Pempho limaperekedwa kutatsala miyezi yosapitirira 6 komanso masiku osachepera 15 ulendo usanachitike, ndipo limafuna umboni wa malo ogona, wa ndalama zogwiritsa ntchito, wa tikiti yobwerera, komanso inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000. Ngati mukufuna kukwera mapiri ataliatali, werengani bwino chikalata cha inshuwalansiyo, popeza zina zimaika malire a mamita amene zimakutetezani.

Tsopano tifike pa mtima wa dongosolo lonse, womwe ndi kusankha pogona. Cholakwika chimene alendo ambiri amachita n'kutenga chipinda chimodzi kugombe kwa masiku onse, n'kumadzuka m'bandakucha tsiku lililonse kuthamangira ku Granada, ku Ronda kapena ku Córdoba, n'kubwerera usiku ali wefuwefu. Pamapu mitundayi imaoneka yaifupi, koma misewu ya m'mapiri ndi yokhotakhota, moti makilomita 50 a pakati pa gombe la San Pedro de Alcántara ndi Ronda amatha ola lathunthu kapena kuposerapo. Njira yabwino ndi kugawa ulendo pawiri kapena patatu. Pa masiku khumi, mwachitsanzo, mukhoza kugona masiku anayi kugombe, atatu ku Granada, ndi atatu m'mudzi wa m'mapiri, ndipo mukatero malo alionse mumawaona m'mawa ndi madzulo, nthawi yomwe mabasi a alendo a tsiku limodzi amakhala asanafike kapena atachoka kale.

Matauni a kugombe nawonso ndi osiyana khalidwe. Torremolinos, Benalmádena ndi Fuengirola ali ndi mahotela ataliatali ochuluka ndipo ubwino wake waukulu ndi sitima ya C1 yomwe imawalumikiza ndi bwalo la ndege komanso pakati pa mzinda wa Málaga, motero ndi oyenera banja lomwe silikufuna kuyendetsa galimoto. Marbella ndi yokongola koma yodula, ndipo sitima siifikako. Nerja, makilomita pafupifupi 50 kum'mawa kwa Málaga, ndi imene ndimaiona kuti imaonetsa bwino chikhalidwe cha deralo, chifukwa mapiri amatsika mpaka kufika m'madzi n'kusiya timagombe ting'onoting'ono pakati pa matanthwe, ndipo pafupi pomwepo pali mudzi wa nyumba zopaka laimu wa Frigiliana ndi mapanga aakulu amene anyamata a m'deralo anawatulukira mu 1959. Tarifa, kunsonga yakummwera, ili ndi mchenga wochuluka koma imawombedwa ndi mphepo ziwiri zamphamvu, levante yochokera kum'mawa ndi poniente yochokera kumadzulo, choncho imakomera ochita masewera a pamafunde kuposa wofuna kugona chete pamchenga. Mzinda wa Málaga weniweniwo musaudutse ngati pongotsikira ndege, popeza uli ndi linga lakale la Alcazaba ndi nyumba yosungiramo zojambula za Pablo Picasso, yemwe anabadwira mumzindawu mu 1881.

Pakati pa mizinda ikuluikulu simufunika galimoto. Sitima zothamanga za AVE zinayamba kufika ku Córdoba ndi Sevilla mu 1992, ku Málaga mu 2007, ndi ku Granada mu 2019, ndipo komwe sitima sizifika mabasi amafikako. Mabasi amayendanso pakati pa mizindayi, monga ulendo wa Málaga mpaka Granada womwe umatenga maola pafupifupi awiri. Galimoto yahayala imakhala yofunika mukafuna kulowa m'midzi ya m'mapiri, komwe mabasi amapita kangapo kokha patsiku. Mukasankha kuyendetsa nokha, kumbukirani kuti magalimoto amayenda kudzanja lamanja, ndipo fufuzani ngati laisensi yanu ikufunika kuperekezedwa ndi chiphaso choyendetsera m'mayiko ena. Tengani galimoto yaing'ono, chifukwa timisewu ta m'midzi yakale tinamangidwa poganizira abulu ndi anthu oyenda pansi, ndipo mukafika pamudzi imikani galimoto pamalo oimikapo a kunja n'kulowa wapansi. Kugombe la kumadzulo kwa Málaga kuli misewu iwiri yoyenda limodzi, A-7 yaulere koma yodzaza, ndi AP-7 yolipiritsa koma yachangu. Musaimike galimoto m'mitsinje youma yomwe kumeneko amaitcha rambla, ngakhale muone ena atero, popeza mvula ikagwa kumapiri madzi amatsika mwaukali m'kanthawi kochepa.

Pali malo awiri amene simungalowe mutangofika pachipata opanda tikiti, ndipo masiku ena onse muwakonze mozungulira masiku a matikiti amenewa. Oyamba ndi Alhambra ku Granada, nyumba zachifumu za mafumu achisilamu a banja la Nasrid. Asilamu anaolokera ku Spain kuchokera kumpoto kwa Africa mu 711, ndipo ufumu wawo womaliza, womwe unali wa Granada, unagonja kwa mafumu achikhristu Fernando ndi Isabel pa 2 Januwale 1492, choncho zimene mukaone kumeneko ndi chimake cha luso la zaka pafupifupi 800. Tikiti imalembedwa dzina lanu, imafuna kuti muonetse pasipoti, ndipo imakhala ndi nthawi yake yolowera m'nyumba za Nasrid, moti mukachedwa sakulolani kulowa. M'miyezi ya alendo ambiri matikiti amatha kudakali masabata angapo, choncho agulireni patsamba la intaneti la oyang'anira malowo mukangodziwa masiku anu. Patulani maola osachepera atatu kuti muonenso minda ya Generalife, ndipo madzulo ake mukwere kudera lakale la Albaicín kuti muione Alhambra yonse, mapiri a Sierra Nevada ali kumbuyo kwake.

Malo achiwiri ndi Caminito del Rey, kanjira komatidwa kukhoma la phompho la mtsinje wa Guadalhorce, mamita pafupifupi 100 pamwamba pa madzi. Kanamangidwa pakati pa 1901 ndi 1905 kuti ogwira ntchito zamagetsi azidutsapo, kanapatsidwa dzina lake Mfumu Alfonso XIII itayendapo mu 1921, kenako kanawonongeka mpaka kukhala koopsa, ndipo kanatsegulidwanso mu 2015 katakonzedwa. Ulendo wonse ndi wa makilomita pafupifupi 8, umayendedwa kulowera mbali imodzi yokha, aliyense amavala chipewa cholimba chotetezera mutu, ndipo ana osakwana zaka 8 saloledwa. Mphepo ikakula kanjiraka kamatsekedwa, choncho ndi bwino kukaika kumayambiriro kwa tchuthi kuti mukhale ndi mpata wosintha tsiku. Amene amachita chizungulire akayang'ana pansi asadzikakamize, chifukwa akhoza kupita ku Ronda n'kuona phompho la El Tajo ataima bwinobwino pamlatho wamiyala wa Puente Nuevo, womwe unamalizidwa mu 1793.

Koma mapiri enieni a Andalucía muwapeza ku Alpujarra, kutsetsereko lakummwera la Sierra Nevada, ndipo apa ndi pomwe ndikupempha kuti muchedwepo. Msewu wopita kumeneko umachoka pa msewu waukulu wa A-44, umadutsa ku Lanjarón komwe kumatchuka ndi madzi akumwa a m'mabotolo, n'kukwera mpaka kuchigwa cha Poqueira, komwe midzi itatu ya Pampaneira, Bubión ndi Capileira inasanjikizana kuphiri ngati makwerero. Nyumba zake ndi zopaka laimu, za madenga afulati omatidwa ndi dothi, zofanana ndi za kumapiri a kumpoto kwa Africa, ndipo minda yake imathiriridwabe ndi ngalande zakale zotchedwa acequia, zomwe zimatenga madzi a chipale chofewa chosungunuka n'kuwagawira m'munsi. Njira zambiri zoyenda pansi zimatsata ngalande zimenezi, motero zimakhala ndi mthunzi wa mitengo ndiponso sizikwera mwankhanza. Capileira ndi mudzi wina wa Trevélez zili pamalo okwera mamita oposa 1,400, ndipo popeza kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, usiku wa kumeneko umafuna juzi ngakhale kugombe anthu akugona mazenera ali otsegula. M'chikwama mwanu musasowe chovala chofunda, chovala choteteza ku mphepo ndi mvula, ndi nsapato zolimba za zidendene zogwira pansi.

Kukwera Mulhacén pakati pa Julayi ndi Seputembala sikufuna zingwe kapena luso lapadera, koma kumafuna mphamvu ndi ulemu kwa phirilo. Pamwamba pa mamita 3,000 mpweya umachepa, munthu amatopa msanga, ena mutu umawapweteka, ndipo mankhwala ake ndi kutsika basi. Nyamukani m'mamawa, nyamulani madzi okwanira ndi chakudya, uzani a pamalo anu ogona njira imene mutsate ndi nthawi imene mukuyembekeza kubwerera, ndipo onani zanyengo kuchokera ku bungwe la boma la AEMET musananyamuke. Mitambo ikayamba kusonkhana masana, bwererani osazengereza. Kunja kwa miyezi imeneyi phirilo limakutidwa ndi chipale chofewa ndi madzi oundana, ndipo limakhala la okhawo odziwa ndiponso okhala ndi zida zake. Kumadzulo, ku Sierra de Grazalema komwe kumagwa mvula yambiri kuposa madera ochuluka a Spain, njira zina za m'nkhalango ya mitengo ya pinsapo zimafuna chilolezo, ndipo m'nyengo yotentha zina zimatsekedwa poopa moto. Kuyambira Juni mpaka pakati pa Okutobala kukoleza moto m'madera a nkhalango n'koletsedwa. Nambala yoimba pangozi iliyonse, kaya kuphiri kaya kunyanja, ndi 112, ndipo ndi yaulere.

Kunyanja malamulo ake ndi ochepa koma osafunika kuwanyozera. Mbendera yobiriwira imatanthauza kuti mukhoza kusambira, yachikasu ikuchenjeza kuti musapite kwakuya, ndipo yofiira ikuletsa kulowa m'madzi. Masiku ena kumabwera tizilombo ta m'nyanja tofewa, toonekera mkati, tomwe eni dziko amatitcha medusa, ndipo tikakukhudzani khungu limayabwa ngati lapsa. Tsukani pamalopo ndi madzi a m'nyanja momwemo osati akumwa, kenako pitani kwa opulumutsa osambira. Ku Málaga kumawombanso mphepo yotentha ndi youma yochokera kumtunda yotchedwa terral, yomwe imakweza kutentha mwadzidzidzi koma n'kuziziritsa nyanja, chifukwa imakankhira kutali madzi ofunda a pamwamba ndipo ozizira a pansi amakwera. Pa tsiku lotere lowani m'madzi pang'onopang'ono. Dzuwa la kumeneko limapsereza khungu la mtundu uliwonse, makamaka kumapiri komwe kamphepo kozizira kamabisa ukali wake, choncho chipewa, magalasi a dzuwa ndi mafuta oteteza khungu n'zofunika konsekonse. Pasipoti ndi ndalama zambiri zisiyeni kuchipinda mukamapita kukasambira.

Tsiku lanu lidzayenda bwino mukatsatira nthawi za eni dziko. Wotchi ya ku Spain ili patsogolo poyerekeza ndi pomwe dzuwa lili, moti m'nyengo yotentha dzuwa limafika paliwombo cha m'ma 2 koloko masana, kutentha kumafika pachimake cha m'ma 4 kapena 5 koloko, ndipo mu Juni kumada itadutsa 9:30 usiku. N'chifukwa chake nkhomaliro imadyedwa kuyambira 2 koloko, masitolo ang'onoang'ono amatseka masana n'kudzatsegulanso madzulo, ndipo malo ambiri odyera sayamba kupereka mgonero isanakwane 8 koloko. Zoyendayenda zonse zichitike m'mawa, masana mupume pamthunzi, madzulo mutulukenso. Chakudya chotsika mtengo komanso chokhutitsa ndi menú del día, chomwe chimagulitsidwa masana m'kati mwa sabata pamtengo umodzi. Kugombe la Málaga lawani espeto, nsomba zing'onozing'ono za sardina zotungidwa pandodo n'kuotchedwa pamoto wankhuni m'mphepete mwa nyanja, ndipo kukatentha imwani gazpacho, msuzi wozizira wa matimati. Ku Granada malo ambiri omwera amapereka kambale ka chakudya kaulere, kotchedwa tapa, pa chakumwa chilichonse chimene mwagula. Amene sadya nkhumba aloweze mawu akuti cerdo ndi jamón n'kumafunsa asanaitanitse, chifukwa nyamayi imalowa m'zakudya zambiri, makamaka ku Trevélez komwe amaiumitsa ndi mphepo ya m'phiri. Ndalama ya kumeneko ndi yuro, ndipo makhadi a kubanki amalandiridwa pafupifupi paliponse, koma m'midzi ya m'mapiri ndi bwino kukhala ndi ndalama zina m'thumba.

Ngati masiku akulolani kuwonjezera mzinda umodzi wa m'chigwa, sankhani Córdoba, yomwe ili pamtunda wa ola limodzi pa sitima yothamanga kuchokera ku Málaga, ndipo mukaone Mezquita, mzikiti umene unayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 780 mu ulamuliro wa mfumu yachisilamu Abd al-Rahman I n'kusandutsidwa tchalitchi mu 1236. Pitani m'mawa kusanatenthe. Pomaliza dongosolo lanu, usiku wotsiriza muugone ku Málaga kapena m'tauni ina ya panjira ya sitima ya C1, osati m'mudzi wa m'mapiri, kuti chifunga, mvula kapena msewu wotsekedwa zisakulepheretseni kufika pabwalo la ndege pa nthawi yake.